Singano, Thumba ndi Mphika: Phunziro la Ntchito Zamanja Pakhomo la M'tauni

Pali zinthu zitatu zimene banja lililonse mumzinda wa Lilongwe limatulutsira ndalama pafupifupi tsiku ndi tsiku koma siliziwerengera: jumbo yonyamuliramo katundu, moto wophikira, ndi ndiwo zamasamba. Patsiku limodzi ndalamayo imaoneka yochepa. Mukaphatikiza ya mwezi wathunthu mpamene mumazindikira kumene kunalowa gawo lina la malipiro. Phunziro la m'kope lino likufotokoza ntchito zingapo zamanja zimene zimatseka mipata imeneyi, ndipo palibe ngakhale imodzi yofuna makina osokera kapena uvuni wamagetsi. Talembera onse, kuyambira wa ku Old Town amene bwalo lake limathera pakhonde, kufikira wa ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 amene mpanda wake ungakwane nyumba zina zitatu. Sitinaiwalenso anzathu ogwira ntchito m'makomo amenewa, alonda, ophika ndi osamalira maluwa, amene amakhala m'nyumba za kuseri.

Jumbo ndi lamulo

M'chaka cha 2015 boma linakhazikitsa malamulo oletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Micron ndi muyeso waung'ono zedi, pakuti m'milimita imodzi muli ma micron 1,000. Jumbo yopyapyala imene amatikulungiramo tomato kapena makala pamsika ili m'gulu loletsedwalo. Makampani opanga mapulasitiki anakamang'ala kukhoti, koma mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti malamulowo ayenera kugwira ntchito. Mmodzi mwa amene analimbana nayo nkhaniyi, mayi Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphotho ya Goldman Environmental Prize mu 2021. Milandu ina inatsatirabe pambuyo pake, koma lamulo lilipo, ndipo bungwe loona za chilengedwe la MEPA ndilo lili ndi udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa.

Chifukwa chake sichifuna kufotokoza kwambiri kwa munthu amene anaimapo pa timilatho tamatabwa ta pamtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi msika wa Tsoka, n'kuyang'ana m'madzi. Majumbo amatseka ngalande, madzi a mvula amasefukira m'misewu ndi m'makomo, ndipo pamene pakhazikika madzi oipa pamabwera udzudzu ndi matenda a m'mimba. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023. Komatu lamulo limangoletsa, silipatsa munthu chonyamulira china. Chimenecho tiyenera kudzisokera tokha.

Nsalu iti?

Musanadule kanthu, dziwani nsalu imene muli nayo. Zitenje zambiri zotsika mtengo masiku ano si za thonje ayi, ndi za polyester, ngakhale maluwa ake amaoneka ofanana ndi a chitenje chenicheni. Pachikwama cha kumsika zimenezo zilibe vuto lalikulu, koma pa chilichonse chokhudzana ndi moto nsalu yotere ndi yoopsa, chifukwa imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Thothotsani timaulusi tingapo m'mbali mwa nsaluyo, tiikeni pambale yachitsulo ndi kutiyatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Polyester amakhwinyata, nasanduka kampira kolimba kakuda.

Chitenje chatsopano muyambe mwachichapa ndi kuchisita. Nsalu ya thonje imachepako ikachapidwa koyamba, ndipo ndi bwino ichepe musanaisoke. Zipangizo zina ndi zochepa: singano, ulusi wolimba, sizasi yakuthwa imene simudulira mapepala, tepi yoyezera, choko ndi mapini. Matelala a m'makonde a masitolo a ku Old Town amakhala ndi zidutswa za nsalu zochuluka zimene ambiri amangotaya kapena kuzitentha madzulo. Kambiranani nawo mwaulemu. Zidutswazo muzifuna kwambiri tikafika pa ntchito yachiwiri.

Msoko umene uyenera kuzolowereka m'manja ndi umodzi wokha, wobwerera m'mbuyo. Mumatulutsa singano kutsogolo, n'kuibweza kukalowa pamene panathera msoko wapitawo, kenaka n'kuitulutsanso kutsogolo. Kumaso kwa nsalu kumaoneka mzere wosadukiza ngati wa makina. Msoko wongolowetsa ndi kutulutsa singano molunjika ndi wofulumira, koma ulusi ukaduka pamodzi msoko wonse umamasuka, choncho ugwiritseni ntchito pogwiriziza chabe.

Chikwama cha kumsika

Dulani nsalu ya masentimita 45 m'lifupi ndi 90 m'litali. Ipindeni pakati kuti popindapo pakhale pansi pa chikwama. Motero pansi sipakhala msoko woti n'kuphulika ndi kulemera kwa katundu. Mbali ziwirizo muzisoke kawiri motere: poyamba sokani maluwa ali kunja, theka la sentimita kuchokera m'mphepete, kenaka tembenuzani chikwamacho, musite, ndi kusokanso sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Msoko wachiwiriwu umabisa woyamba uja m'kati mwake, ndiye ulusi wa m'mbali suthothoka ngakhale muchape kangati.

Kukamwa kwa chikwama pindani sentimita imodzi, kenaka masentimita 3, ndi kupendera kuzungulira. Kuti chikwamacho chizikhala pansi bwino ngati dengu, chikadali chotembenuza gwirani ngodya iliyonse ya pansi, iphwatalitseni kuti ikhale yosongoka, yezani masentimita 5 kuchokera kunsonga ndi kusoka mopingasa. Mzerewo udzakhala wa masentimita 10, ndipo kumeneko ndiko kutambalala kwa pansi pa chikwama chanu.

Zogwirira ndizo zimayamba kuduka pa zikwama zambiri, choncho apa musapupulume. Dulani timizere tiwiri ta masentimita 10 m'lifupi ndi 60 m'litali. Pindani mbali zonse ziwiri kuti zikumane pakati, pindaninso pakatipo, musite, ndi kusoka mbali zonse. Polumikiza chogwirira ndi chikwama, chilowetseni masentimita 4 kapena 5 m'kati mwa mpendero, sokani kabokosi ka ngodya zinayi, ndipo m'kati mwa kabokosiko sokani mizere iwiri yopingasana. Msoko wa mzere umodzi sungapirire kabichi awiri ndi mbatata.

Ngati chitenje chanu chili cha masentimita 200 ndi 110, mutulukamo zikwama zinayi ndi zogwirira zake zonse zisanu ndi zitatu, n'kutsala tizidutswa tochepa chabe. Kunena zoona chitenje chokha n'chopepuka. Kwa wonyamula ufa, mpunga kapena mabotolo, ndi bwino kuika nsalu ina m'kati, kaya thumba la ufa lochapa bwino kapena miyendo ya buluku la jinzi la pakaunjika. Chikwama cha nyama ndi nsomba chikhale chakechake, ndipo chizichapidwa tsiku lomwelo.

Chophikira chopanda moto

Ntchito yachiwiriyi ndiyo ili ndi phindu lalikulu koposa zonse, ndipo tikhalitsapo.

Mphika wa nyemba umatha maola awiri kapena atatu uli pambaula. Ambiri timaganiza kuti nthawi yonseyi moto ukuphika nyembazo, koma zoona zake n'zakuti madzi akangowira sangatenthenso kuposa pamenepo, ngakhale musonkhezere chotani. Kuno ku Lilongwe, poti tili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera panyanja yamchere, madzi amawira asanafike n'komwe madigiri 100. Amawira cha pa 96 kapena 97. Makala onse amene mumaonjezera pambuyo pake amangobwezera kutentha kumene kukuthawira m'mbali mwa mphika, pachivindikiro ndi m'nthunzi. Tsono mukatseka njira zothawira kutenthako, chakudya chimapitiriza kupsa chokha. Chimene chimatseka bwino ndi mpweya wosayenda, wotsekeredwa m'timipata ta thonje, udzu wouma kapena zidutswa za nsalu. Bulangete limatifunditsa m'nyengo ya Juni mwa njira yomweyi: lilibe moto, limangosunga kutentha kwa thupi lathu.

Nzeruyi si yatsopano. Ku Ulaya anthu ankaika miphika m'mabokosi odzaza udzu wouma, makamaka pa nthawi ya nkhondo pamene malasha ndi gasi zinali zoperewera. Ku South Africa, mayi Sarah Collins anayambitsa chikwama chotchedwa Wonderbag mu 2008, magetsi atavuta kumeneko. Chimene tikufotokoza pano chimagwira ntchito mofananamo.

Dulani nsalu ziwiri zozungulira, iliyonse masentimita 95 kupingasa pakati. Njira yapafupi ndi kupinda nsalu kanayi, kumanga choko kunsonga ya chingwe cha masentimita 47 ndi theka, kugwira chingwecho pangodya yopindidwa ndi kulemba uta. Nsalu imene idzakhale m'kati, yokhudzana ndi mphika, ikhale ya thonje basi. Sanjikizani ziwirizo maluwa ali kunja. Pakati penipeni lembani bwalo la masentimita 30 kupingasa, lisokeni kuzungulira n'kusiya kampata, lowetsani zofunditsa mpaka pakhale pochindikala, ndipo tsekani. Pamenepa ndipo pokhala mphika.

Kuchokera pa bwalo la pakatili, lembani mizere isanu ndi itatu yotalikirana mofanana, yolunjika kumphepete monga mawaya a gudumu la njinga, ndi kuisoka mpaka patatsala masentimita 6 kufika m'mphepete. Tsopano muli ndi timatumba tisanu ndi titatu totseguka kunja. Dzazani kalikonse, kenaka sokani kuzungulira kuti titsekeke. Masentimita 6 otsalawo apindeni ndi kuwapendera kuti pakhale njira yodutsa chingwe, n'kusiya pakamwa potulukira nsonga zake. Mukakoka chingwecho timatumba tija timaimirira n'kukumbatira mphika. Chotsala ndi mtsamiro wa pamwamba: nsalu ziwiri zozungulira za masentimita 35, zodzazidwa mpaka kuchindikala masentimita 8 kapena 10. Mtsamirowu musaupeputse, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira kumwamba. Miyeso imeneyi ikukwana poto wa masentimita 24 kapena 26 wopanda chogwirira chachitali.

Zofunditsa zingakhale zidutswa za kwa telala zoduladula tating'ono, thonje, masiponji a matiresi akale, mankhusu a mpunga, kapena utuchi wouma wa kwa akalipentala. Chachikulu n'chakuti zikhale zouma, ndipo musazitsendere mpaka kulimba ngati mwala, pakuti mukatero mwatulutsa mpweya umene ukufunikawo. Amene alibe nthawi yosoka zonsezi atenge dengu lalikulu kapena katoni, ayale zofunditsa masentimita 10 pansi ndi m'mbali, aphimbe ndi chitenje chakale, n'kusoka mtsamiro wa pamwamba wokha. Kukongola kumachepa koma nyemba zimapsa chimodzimodzi.

Kaphikidwe kake nkotere. Nyemba muziviike usiku wonse, tayani madziwo, thirani ena ndi kuziwiritsa mwamphamvu kwa mphindi 20. Mphindi zimenezi musazidule: nyemba zosawira bwino, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amatha pokhapokha zikabwata kwa mphindi zosachepera 10. Zikatero chotsani mphika pamoto uli wovindikira, onetsetsani kuti kunsi kwake sikunamatirire khala, uikeni m'chikwama, phimbani ndi mtsamiro ndi kumanga chingwe. Pakatha maola atatu kapena anayi nyemba zimakhala zitafewa, ndipo mungozikazingira tomato ndi anyezi. Mpunga umafuna kuwira mphindi 5 ndi kukhala m'chikwama pafupifupi ola limodzi, ndipo supserera kunsi. Nyama ya msuzi iwire mphindi 20 kapena 30, kenaka maola atatu kapena anayi. Chingowe cha chimanga chokonola, nandolo wouma ndi nzama zimatheka bwino lomwe. Nsima ndiyo ayi. Imeneyo imafuna mthiko ndi dzanja.

Pali malamulo atatu osafunika kuwaphwanya. Mphika ukhale wodzaza kapena wotsala pang'ono kudzaza, chifukwa chakudya chochepa chimazizira msanga. Musavundukule kuti muone ngati zapsa. Ndipo chakudya chisagone m'chikwama mpaka kufunda chabe: kutentha kukatsika kupyola madigiri 60 tizilombo toyambitsa matenda timayamba kuswana. Mukatsegula n'kupeza kuti mphika mungathe kuugwira ndi manja osamva kuotcha, ubwezeni pamoto ubwatenso musanadye.

Mwina wina wa ku Area 9 kapena Area 11 anganene kuti iye amaphikira magetsi, zamakala sizimukhudza. Mayunitsi nawonso ndi ndalama, ndipo sitinaiwale zimene zinachitika mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino. Miyezi yotsatirayo mbaula inalowa ngakhale m'makhitchini a matailosi. Ndipo gawo lina la makala amene amalowa mumzinda uno panjinga m'bandakucha limachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene Lilongwe Water Board imadalira potipatsa madzi. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo. Mpopi wa ku Area 43 ndi mbaula ya ku Mchesi zimakoka pa nkhalango imodzi.

Zidutswa za thonje zikatsala, sanjikizani zinayi kapena zisanu za masentimita 20 mbali zonse, zisokeni mizere yopingasana ndi kupendera m'mbali. Mwapeza zogwirira mapoto, zimene muzifuna pophika masikono.

Dimba la m'thumba

Kwa wokhala nyumba ya lendi, amene sangakumbe pabwalo la eni ake, thumba la makilogalamu 50 la chimanga kapena feteleza ndilo munda. Lichapeni, ndipo ngati lili ndi pong'ambika sokani ndi singano yaikulu ya matumba. Sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owola bwino. Dothi lathu la katondo ndi lachonde koma limagwirana likauma, choncho onjezerani mchenga pang'ono. Manyowa a nkhuku aawisi amaotcha mizu, ayambe awola.

Chinsinsi cha dimba lotere chili pakati pake. Tengani chitini chachikulu chotsegula mbali zonse ziwiri, chiimikeni pansi pa thumba, dzazani timiyala m'kati mwake ndi dothi kuzungulira kunja kwake. Kokerani chitinicho m'mwamba ndi kubwereza mpaka thumba litadzaza. Mzati wa miyalawo ndiwo umatsitsa madzi kuti afike ku mbewu za m'munsi. Popanda iwo za pamwamba zimamira pamene za pansi zikufota. Thirirani, dikirani masiku angapo dothi likhazikike, kenaka boolani timabowo m'mbali, totalikirana masentimita 15 ndipo tosayang'anizana mzere ndi mzere. Thumba limodzi limatenga mbande 15 kapena 20 m'mbali, ndi zina zochepa pamwamba.

M'mbali mumayenera mpiru, repu, tchainizi ndi anyezi wa masamba. Mbande zake zimakhala zokonzeka kuokera pakatha masabata atatu kapena anayi chifesereni, ndipo muziokera madzulo dzuwa litapepa. Pamwamba mungaike tsabola kapena tomato mmodzi womangirira kumtengo, kapenanso kuwaza bonongwe, amene amayamba kuthyoledwa pasanathe mwezi. Pothyola tengani masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa mbewu iliyonse, osazula. Matumba atatu obzalidwa motalikirana masabata atatu amapatsa banja ndiwo mosadukiza. Thumbalo likhale pamene pamafika dzuwa theka la tsiku, ndipo dziwiranitu kuti dzuwa lomwelo limadya pulasitiki ya thumba, moti pakatha chaka mudzafuna lina.

Za madzi tichenjezane. Madzi otsukira mpunga, masamba ndi zipatso, komanso otsukuluzira mbale, ndi abwino kuthirira. Madzi ochapira okhala ndi sopo wambiri kapena mankhwala oyeretsera zovala amapha dothi pang'onopang'ono. Madzi a m'ngalande kapena osefukira kuchimbudzi asayandikire n'komwe ndiwo. Thirani pa miyala ya pakati paja, osati pamasamba, m'mawa kapena madzulo. Mu Okutobala thumba limafuna kawiri patsiku. Nsabwe za m'masamba zikaoneka, zikhululeni ndi zala zikadali zochepa, kapena poperani madzi a masamba a nimu osinja ndi kuviika usiku.

Ku mayadi aakulu nkhani ndi ina. N'zomvetsa chisoni kuona kapinga akuthiriridwa ndi paipi mwezi wa Seputembala, pamene bambo amene akugwira paipiyo adzatsika kumsika madzulo kukagula kamtolo ka mpiru ndi ndalama ya m'malipiro ake. Mabedi awiri a mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, kuseri kwa nyumba, angadyetse mabanja onse awiri a pampandapo ndi madzi ochepa kuposa amene kapingayo amamwa. Masamba a mitengo amene amatenthedwa m'makomo amenewa chilimwe chilichonse ndiwo manyowa ake. Aunjikeni mosinthanitsa ndi zinyalala za kukhitchini, udzu wauwisi ndi ndowe, nyowetsani, matani mulu wonse ndi dothi monga alangizi amaphunzitsira pa njira ya chimato, n'kusiya bowo lotulukira mpweya pamwamba. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muli ndi manyowa, ndipo katundu wopita kudzala la ku Area 38 wachepa.

Mbatata yofiira m'kati ndi masikono

Pa mbewu zonse zoyenera kupatsidwa malo pakhomo, mbatata yofiira m'kati ndiyo imalumikiza dimba ndi khitchini. Akatswiri a kafukufuku wa zaulimi m'dziko muno, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, anatulutsa mitundu isanu mu 2011: Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu, kuonjezera pa Zondeni amene analipo kale. Kufiira kwakeko n'chizindikiro cha michere imene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha mwana ku matenda. Kambatata ka magalamu 125 kokha kamakwanira vitamini A yense amene mwana wamng'ono amafuna patsiku. Ntchito yofalitsa mbatata yotereyi mu Africa inachititsa kuti Maria Andrade wa ku Cape Verde, Robert Mwanga wa ku Uganda ndi Jan Low alandire nawo mphotho ya World Food Prize mu 2016.

Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Dulani zingwe za masentimita 30 kunsonga za mbewu yopanda matenda, kwirirani mfundo ziwiri kapena zitatu pamzere, motalikirana masentimita 30. Pakatha miyezi inayi kapena isanu mukumba, ndipo podikira mumadyako kholowa. Dothi likang'ambika pamzere likwirireni msanga, chifukwa m'ming'alumo ndimo mumalowera anankafumbwe a mbatata.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi masikono? Tirigu amene timadya kuno wambiri amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, kwacha n'kutsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ufa ndi buledi unakwera motsatira. Mbatata yophika ndi kukanya imalowa m'malo mwa gawo lina la ufa wa tirigu, ndipo poti ndi yotsekemera kale, shuga amachepanso. Siingalowe m'malo mwa ufa wonse ayi. Tirigu ali ndi ulimbo wake umene umagwira mpweya kuti chofufumitsa chikwere, ndipo mbatata ilibe. Mukapyola gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena pang'ono kuposa apo, buledi amatuluka wolemera ngati njerwa.

Yesani muyeso uwu. Sefani makapu awiri a ufa wa tirigu pamodzi ndi supuni yaikulu imodzi ya baking powder ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Fikisiranimo masupuni aakulu anayi a majarini ndi nsonga za zala mpaka ufawo uoneke ngati mchenga wonyowa, n'kuthira masupuni awiri a shuga. Onjezerani kapu imodzi ya mbatata yokanya, yozizira. Ndi bwino kuiphika ndi makoko ake kapena panthunzi, kuti isamwe madzi ambiri. Thirani mkaka pang'onopang'ono mpaka zigwirane. Musakande ngati buledi. Sikono yokandidwa kwambiri imalimba. Phwatalitsani kufika masentimita 2 ndi theka, dulani ndi kukamwa kwa tambula, ndipo mupeza masikono asanu ndi atatu kapena khumi. Mu uvuni wa madigiri 200 amapsa pa mphindi 15 mpaka 20.

Wopanda uvuni atenge poto wamkulu wakale, ayalemo mchenga woyera masentimita 3, auike pambaula ali wovindikira kwa mphindi 10 kuti atenthe. Mbale ya masikono yodzola mafuta ikhale pamchengapo, pamwamba pa poto pakhale chilata kapena chivindikiro chachitsulo, ndipo makala ambiri asamukire pamwamba, kunsi kutsale ochepa. Ambiri amapsereza kunsi m'kati muli mwauwisi chifukwa chosiya moto wonse pansi. Poto yemweyu amaphika chigumu cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi zakupsa. Pachigumu kumbukirani kuti soda payekha safufumitsa. Amafuna chowawasa, monga chambiko kapena madzi a mandimu, ndipo akachuluka chigumu chimachita chikasu n'kumanunkha sopo. Theka la supuni yaing'ono limakwanira makapu awiri a ufa.

Ofuna kugulitsa

Ena akaona kuti zikwama zawo zikuyamikiridwa adzafuna kuzigulitsa, ndipo msika ulipo: m'maofesi a ku City Centre ndi Capital Hill, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndi pakati pa alendo okonda zitenje. Powerengera mtengo musaiwale ulusi, ulendo wa kumsika, makala a m'simbi ndi maola anu. Amayi ambiri amawerengera nsalu yokha, n'kumadabwa kuti mpamba ukutha pamene katundu akuyenda. Chophikira chopanda moto chimagulika bwino munthu akachiona chikugwira ntchito, choncho pamsonkhano wa banki m'khonde kapena wa komiti ya chitukuko ya wodi yanu pitani nacho chili ndi mphika wa nyemba m'kati, muumasule pamaso pa onse msonkhano ukamatha. Za masikono ndi chigumu n'zosiyana pang'ono, poti ndi chakudya cholowa m'mimba mwa anthu ena. Musanayambe kugulitsa, fikani ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo kuti akuuzeni za chilolezo, za ukhondo wa malo ophikira ndi malo ololedwa kugulitsirapo. Ndipo masikonowo muwakulunge m'pepala loyera kapena muwaike m'chidebe chovindikira, osati m'jumbo yopyapyala.